Ndinabwerera ku Chikwawa ndi lamba pachifuwa

Amene amaudziwa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa akudziwa kuti kupita si nkhani, nkhani ndi kubwerera. Popita umangokhala pachishalo n'kumafinya mabuleki, njinga ikudzitsetserekera yokha mpaka pa Thabwa. Pobwerera m'pamene umabweza ngongole. Blantyre ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pomwe Chikwawa ali pansi penipeni m'chigwa cha Shire, cha m'ma 100. Mamita onse apakatiwo amafuna miyendo yako.

Chaka chatha phiri limeneli linandichititsa manyazi. Ndinaliyamba ndi matama, kuimirira pa mapedulo ngati mnyamata wa kabaza wothamangira kasitomala. Ndisanafike ndi pakati pomwe, mtima unkamveka m'makutu ngati ng'oma, maso anachita chidima, ndipo ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu kwa nthawi yaitali ndisanaimitse lole yomwe inanditenga pamodzi ndi njinga yanga. Kuchipatala anandipeza ndi BP yokwererako pang'ono. Adokotala sanandiletse kupalasa, anangoti, "Bambo, pitirizani, koma muzidziwa malire anu." Ndinavomera ndi mutu. Nditafika panja ndinazindikira kuti malirewo sindikuwadziwa pomwe ali.

Apa m'pamene ndinayamba kusaka kakompyuta ka pa njinga kosonyeza kugunda kwa mtima, ndipo ndinayamba ndi kutaya ndalama. Ndinagula kena kotchipa m'shopu ina ku Limbe, kaja kokhala ndi maginito womangirira pa sipoko. Gudumu likazungulira, maginito amadutsa pa kawaya ndipo kanthuko kamawerengera liwiro ndi mtunda. Kamagwira ntchito yake bwinobwino, koma za mtima sikadziwa chilichonse. Ine ndinkaganiza kuti kakompyuta kalikonse ka pa handulo kamamva mtima kudzera m'manja. Ayi ndithu. Ngakhale kodula kwambiri sikayeza mtima pakokha, kamangolandira uthenga kuchokera ku chinthu china chimene wavala pathupi, kaya lamba wa pachifuwa, kaya wotchi, kaya lamba wa pamkono.

Mnzanga wina anandibwereka wotchi yake, ija yowala kuwala kobiriwira kunsi kwake. Kuwalako kumalowa pakhungu n'kumaona mmene magazi akudutsira. Poyenda pansi inkachita bwino, koma ndikagwira handulo pamsewu wa maenje dzanja limanjenjemera, wotchi n'kumasuntha, manambala n'kumangodumphadumpha. Komanso kuti uone nambala uyenera kupotoza dzanja, chinthu chosafunika uli pa kona ya phiri, kumbuyo kukubwera thiraki ya shuga. Lamba wa pachifuwa ndi wina. Iye amamva timagetsi ta mtima weniweniwo, monga amachitira makina oyezera mtima a ECG kuchipatala, n'chifukwa chake sachedwa ndipo sanama kawirikawiri. Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu, kampani ya Polar ya ku Finland inatulutsa choyezera mtima chopanda waya mu 1982.

Alamu anga amakhala ku Johannesburg, ndiye ndinawatuma. Loweruka lina analowa m'shopu ya njinga n'kuyamba kundikhuthulira zithunzi pa WhatsApp. Garmin Edge za mitundumitundu, Wahoo Elemnt Bolt, Bryton, iGPSPORT. Iwo mtima unali pa china chachikulu ngati foni, chokhala ndi mapu amitundu, chongokhudza ndi chala.

"Alamu, tengani ichi, anthu akuoneni," anatero pa voice note.

"Alamu, msewu wa ku Chikwawa ndi umodzi. Ndisochera pati?"

Mapu ndi abwino kwa munthu woyenda malo achilendo, koma ine ndinkadziwa chimene ndikufuna. Ndinkafuna nambala ya mtima yaikulu, yooneka padzuwa la masana popanda kuwerama. Mabatani ndinkafuna enieni, chifukwa chala chonyowa ndi thukuta pagalasi chimangoterereka, ndipo amene anayesapo kuyankha foni m'manja muli madzi akundimvetsa. Batire lake liyenera kugwira ntchito tsiku lonse, poti kuno sungadalire kuti usiku wa ulendo magetsi akhalapo. Ndipo ndinawauza alamu kuti ayang'ane pabokosi mawu awiri, ANT+ ndi Bluetooth. Izi ndi njira ziwiri zimene lamba amalankhulira ndi kakompyuta. Ukagula lamba wa njira imodzi, kakompyuta ka njira ina, zimangoyang'anana ngati anthu osamvana chilankhulo. Lamba wodziwa zonse ziwiri amatha kutumiza ku kakompyuta ndi ku foni nthawi imodzi.

Mtengo nawo unali ndi mawu. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha ma rand umayamba wachiwerengera kawiri. Tinagwirizana pa Garmin Edge 130 Plus, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kopanda mitundu, kokhala ndi GPS ndi choyezera kukwera kwa malo pogwiritsa ntchito mphamvu ya mpweya. Eni ake amati batire lake limafika maola 12. Lamba wake amadya kabatire kozungulira ka CR2032, komwe kamapezeka ngakhale kwa okonza mawotchi m'tauni. Katunduyo anabwera ndi munthu wa pa basi, atakulungidwa m'masokosi.

Ndinadikira Okutobala, mwadala. Ndinkafuna kulipeza phirilo pa ukali wake.

Ndinanyamuka kusanache. Pa Green Corner ndinayang'ana pansi n'kuona mizere iwiri yokha, nambala palibe. Patapita kanthawi kakompyuta kanalemba kuti mtima ukugunda ka 212 pa mphindi. Ndinaima, thupi lonse litazizira, n'kudzigwira pakhosi. Mtima unali phee, ukugunda mwaulemu. Kulakwa kunali kwanga. Ndinavala lamba ali gwa, wouma, pomwe timapepala take ta mphira timafuna chinyezi kuti timve bwino. Ndinatsegula botolo, kunyowetsa chala, kupisa m'malaya pamaso pa amayi ena omwe ankapita kumsika ndi madengu, ndipo nambala inakhazikika pa 104. Amayiwo ankangondiyang'ana kuti kaya bamboyu akutani.

Mpemba ndi Chadzunda ndinadutsa dzuwa likutuluka. Kenako msewu unayamba kupindika n'kugwera pansi, chigwa chonse chili tantha kutsogolo, Shire akunyezimira patali ngati lata. Potsika mtima unali cha m'ma 90, ntchito yonse ili m'zala. Makona ake ndi akuthwa, ndipo mpweya umasintha ukuumva, wozizira uja n'kutha, m'malo mwake kubwera wofunda ngati wa m'khitchini. Pa Thabwa wapolisi wina anaweramira pa handulo.

"Achimwene, kafoni kameneka n'kotani?"

Nditamufotokozera anaseka. "Ndiye mukanama kamaonetsa?"

Ndinawoloka mlatho wa Kamuzu, ndinamwa tiyi ndi mandasi awiri pa Dyeratu, ndinadzaza mabotolo atatu, n'kutembenuka nthawi isanakwane 9 koloko. Kunali kutatentha kale moti phula linkanunkha.

Pali kawerengedwe kodziwika kopezera pamene mtima wako umalekezera: 220 kuchotsapo zaka zako. Ine ndili ndi 44, ndiye 176. Kawerengedweka n'kongoyerekeza, anthu amasiyana ndithu, koma kanandipatsa poyambira. Ndinatchera kakompyuta kuti kazilira ndikapitirira 150.

Kanalira ndisanamalize ndi kilomita yoyamba ya chitunda. Ndinadabwa, chifukwa miyendo inali isanadandaule n'komwe. Ndinatsitsa giya. Kanaliranso. Ndinatsitsa mpaka yomaliza, ija umapalasa kwambiri njinga n'kumangokwawa, ndipo nambala inatsikira pa 146. Pamenepo ndinaona chimene chinandigwetsa chaka chatha. Mtima umathamanga kale iwe usanamve kutopa, ndipo pamene ukuyamba kupuma wefuwefu umakhala utawotcha kale nkhuni zako.

Cha pakati pa phiri ndinaona chinthu china. Liwiro linali lomwelo, chitunda chofanana, koma nambala inkakwera pang'onopang'ono yokha. Kukatentha thupi limatumiza magazi ambiri kukhungu kuti lizizire, ndipo thukuta likamachoka madzi m'magazi amachepa, ndiye mtima umagunda kambiri kuti ugwire ntchito yomwe ija. Ndinaima pamthunzi, kumwa theka la botolo, kwinako kudzithira pamutu. Ndinaona manambala akutsika, 151, 138, 124. Ludzu ndinali ndisanalimve.

Pamthunzi pomwepo panali anthu a makala atatu, njinga zawo zitatsamira pa thanthwe, iliyonse ndi matumba osanjikizana kupitirira mutu wa mwini wake. Iwo sapalasa pachitunda, amakankha, phewa pa thumba, dzanja pa handulo, kuyambira usiku. Wamkulu wa iwo, wa imvi ndi patapata womangidwa ndi waya, anandifunsa za kulira kuja poti anakumva ndikubwera.

"Ndiye kakalira mumatani, bwana?"

"Ndimachepetsa, madala. Kakapitiriza ndimaima."

Anayang'ana anzake. "Ifenso timaima pomwe pano. Mtengo uwu, ndi wina uli kumtundako pa kona. Koma wathuwu sulira."

Tinaseka tonse. Ndinawagawira nthochi, iwo anandiuza kuti kona yachitatu kuchokera pamenepo ndiyo yoipa, ndisaiyambe mothamanga. Ananena zoona. Pa konayo nambala inafika 163, ndipo ndinatsika n'kukankha njinga yanga yopanda katundu, manyazi ndilibe. Mtengo wachiwiri uja ndinaupeza pomwe ananena, ndipo kakompyuta kanalira nditatsala mapazi ochepa kuti ndiufike.

Ndinalowa m'Blantyre dzuwa litapendeka, malaya ali mbuu ndi mchere, batire likadali ndi moyo. Madzulo ndinatsegula foni kuwaonetsa mayi a kunyumba mzere wa mtima wanga, pomwe unakwera, pomwe ndinaima, pomwe panali anthu a makala. Anauyang'ana mofatsa, chala chawo n'kuima pa kansonga kaja ka 212 koyambirira.

"Nanga apa munaona ndani pa Green Corner?"