Pa Nkaya ndinamva za agogo anga oyendetsa sitima

Kwathu mukati "agogo a sitima" aliyense amadziwa kuti mukunena bambo awo a mayi anga. Analowa ntchito ku Nyasaland Railways ngati wosonkhezera moto, ndipo zaka zambirimbiri zinatha ali ndi fosholo m'manja, chifukwa nthawi ya atsamunda mpando wa dalaivala sunkabwera msanga kwa munthu wakuda. Mwezi wathawu ndinakwera sitima pa Limbe kupita ku Balaka kuti ndikaone njanji yomwe inawadyera moyo.

Mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi minibasi, koma ngati muli pachangu musayerekeze. Tengani madzi akumwa ndi chitenje choyala pampando.

Pa Nkaya tinaima nthawi yaitali kudikira sitima ya malasha yochokera ku Moatize, m'dziko la Mozambique, kuti idutse pa ulendo wake wa ku Nacala. Dzuwa linali phwee, ana akulira, ine ndikung'ung'udza. Mkulu wina wa imvi mbuu amene ndinakhala naye moyandikana anagula chimanga chowotcha pawindo, n'kuchithyola pakati.

"Idyani mwanangu, sitima siithamangitsa ndi mkwiyo."

Nditawauza chomwe ndinayendera, anasiya kutafuna. Bambo awo ankakonza njanji ku Sankhulani, ndipo iwo anakulira m'mbali mwa msewu wa sitimawo. Anandifotokozera chikweza chochokera ku Chiromo kutsata mtsinje wa Ruo kulowera ku Luchenza: mvula ikagwa mawilo ankaterereka, dalaivala n'kumathira mchenga panjanji, wosonkhezera moto akuponya malasha m'ng'anjo osapuma, malaya atanyoweratu. "Agogo anuwo akanatopa pang'ono chabe, sitima yonse ikanaima pachitunda," anatero. Apa m'pamene ndinamvetsa zipsera zomwe mayi amati zinali m'manja mwa bambo awo.

Njira imeneyi inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika makilomita oposa 3, unatsegulidwa mu 1935, ndipo katundu anayamba kufika ku Beira osawolotsedwanso pamadzi. Mayi amati agogo akakamba za mlathowu ankaiwala nsima m'mbale.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti madzi osefukira atakokolola njanji ku Chiromo mu 1997, njira ya kumwerayo inaduka, ana a kumeneko n'kukula osaidziwa sitima yopita ku Beira. M'masiteshoni onse omwe tinadutsa sindinaone chikwangwani kapena chithunzi chokumbukira anthu onga agogo. Mbiri yawo ili m'mitu ya nkhalamba ngati imene inandigawira chimanga ija, ndipo palibe amene akupita kukazifunsa. Mkuluyo anatsikira pomwepo pa Nkaya kukalowa sitima ya ku Nayuchi. Ife tinafika pa Balaka kukuda, ndinagona pa nyumba ya alendo ya kufupi ndi msika, udzudzu wake wosasimbika.