Sabata ya Scifest ku Makhanda, ndili pa tebulo la nsomba

Makhanda ndi tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, imene mpaka 2018 inkatchedwa Grahamstown. Ambiri amaidziwa chifukwa cha Rhodes University ndi chikondwerero cha zaluso cha National Arts Festival. Ife ofufuza timaidziwanso ndi Scifest Africa, chikondwerero cha sayansi chimene chinachitika koyamba mu 1997. Sabata yake ikakwana, mabasi a ana asukulu amandandalika kukwera phiri kupita ku chinyumba cha 1820 Settlers Monument, ndipo ife amene chaka chonse timangolankhulana tokhatokha m'malabu timatuluka kukakumana ndi anthu. Ine ndimafufuza za nsomba za m'nyanja ndi m'mitsinje, ndipo ulendo uno anandipatsa tebulo langa.

Lolemba ndi Lachiwiri zinathera pokonzeka. Nsomba zathu timazisunga m'mabotolo a ethanol, mankhwala oteteza kuti zisawole, choncho botolo lililonse lopita pagulu tinalimata tepi pachivindikiro, poti manja a ana safunsa chilolezo. Mnzanga wina ankafuna titenge mapositala a magirafu amene tinakaonetsa ku msonkhano wa akatswiri. Ine ndinakana. Girafu imalankhula kwa munthu amene ali kale ndi funso, pamene mwana wotsika basi alibe funso, ali ndi maso ndi zala basi. Tinagwirizana zotenga mapu amodzi a Nyanja ya Malawi, maikulosikopu, mabotolo, ndi kabokosi ka timiyala ta m'makutu a nsomba.

Lachitatu m'mawa chigulu chinafika. Ambiri mwa anawa kwawo amalankhula Chixhosa, ndiye ophunzira a ku yunivesite odzipereka ankatithandiza kumasulira. Ndipo m'tauni muno ukangotchula nsomba, dzanja loyamba kukwera limafunsa za nsomba yotchedwa coelacanth. Nkhaniyi ndinaifotokoza mpaka mawu kusasa, koma sinditopa nayo. Mu Disembala 1938, asodzi anakola chinsomba chachilendo pafupi ndi pamene mtsinje wa Chalumna umathirira m'nyanja. Marjorie Courtenay-Latimer, amene ankayang'anira nyumba yosungira zinthu zakale ku East London, anachiona pamulu wa nsomba zina, nazindikira kuti si nsomba wamba. Anachijambula papepala n'kutumizira J.L.B. Smith wa ku Rhodes, yemwe anatsimikiza kuti ndi mtundu umene akatswiri ankati unatha zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo. Yachiwiri inapezeka ku Comoros mu 1952, ndipo mu 2000 anthu odumphira pansi pa madzi anaziona zamoyo ku Sodwana Bay. Chimene ndimatsindika kwa ana n'chakuti nsombayi anaikola ndi asodzi, ndipo anaizindikira ndi mayi amene analibe digiri ya za nsomba, koma anali ndi diso lophunzira kuyang'ana.

Akakhuta coelacanth, ndinkawakokera ku maikulosikopu. M'mutu mwa nsomba muli timiyala toyera timene timaithandiza kumva ndi kukhazikika bwino m'madzi. Timiyalati timakula moyo wonse wa nsombayo, ndipo ukakacheka kamodzi mopyapyala, umaona mizere ngati ya pa chitsa cha mtengo. Kuwerenga mizereyo ndiye kudziwa zaka za nsomba. Ana ankapikisana kuwerenga, wina kupeza zinayi, wina zisanu ndi chimodzi, n'kumakangana. Mkangano umenewo ndi umene ndinkaufuna, chifukwa nafenso mu labu timawerenga awiriawiri, ndipo tikasemphana timabwereza. Apo m'pamene ndinkawafunsa: ngati nsomba iyi imayamba kuswana ili ndi zaka zakutizakuti, nanga ukonde wa maso aang'ono ukaigwira isanafike pamenepo, chaka chamawa m'madzi mudzakhala chiyani? Yankho ankalipeza okha.

Lachinayi mphunzitsi wina wa sukulu yakumudzi anatsalira ana ake atapita patsogolo. Anati kusukulu kwawo kulibe labu, ndipo anafuna kudziwa ngati timiyalati tingatuluke m'nsomba yogula m'sitolo. Tingatuluke. Umadula mutu pamwamba, kumbuyo pang'ono kwa maso, n'kutukula ubongo, ndipo pansi pake umapeza timiyala tiwiri tikuluko titagona mbali ino ndi inayo. Mpeni wakukhitchini ndi kopanira kakang'ono n'zokwanira. Tinachita limodzi pomwepo, iye akujambula ndi foni. Kwa ine mphindi zimenezo n'zofunika kuposa zambiri za sabatayi, chifukwa mwana amabwera kamodzi n'kupita, koma mphunzitsi ameneyu adzaima pamaso pa kalasi yatsopano chaka ndi chaka.

Madzulo kumakhala nkhani za akatswiri m'holo yaikulu. Ndinakamverako, ndipo zinali zabwino, koma munthu ali pa pulatifomu, nthawi ya mafunso n'njochepa, ndipo amene amafunsa ndi omwe aja olimba mtima kale. Kukumana kwenikweni ine ndimakuona pa matebulo. Mayi wina anadzandifunsa ngati madzi a pampopi akasintha mtundu angamwedwe. Tauni ino yavutikapo kwambiri ndi kusowa kwa madzi, ndiye funso lake linali lochokera m'nyumba. Si gawo langa, choncho sindinafune kumuyankha zongopeka. Ndinamuperekeza kwa anzathu ofufuza za madzi, n'kumusiya akukambirana nawo.

Loweruka ndi tsiku la mabanja. Chakumasana ndinamva mawu kumbuyo kwa gulu la ana: "Aa, koma ichi si chambo ichi?" Ndinadzutsa mutu. Anali bambo wachikulire ndithu, atagwira mdzukulu padzanja. Nditawayankha m'Chichewa anaseka mpaka kuwomba m'manja.

"Achimwene, kwanu n'kuti?"

Nditawauza, anati iwo kwawo ndi ku Mangochi, ndipo asanabwere kuno kudzafuna maganyu anakhala zaka zambiri akukoka khoka. Nthawi imeneyo n'kuti ndikufotokozera ana kuti nyanja yathu ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, mitundu mazanamazana ya mbuna, utaka ndi zinzake, yambiri mwa iyo yosapezeka kwina kulikonse, ndipo n'chifukwa chake Lake Malawi National Park inalowa m'ndandanda wa bungwe la UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 1984. Ndinali nditafika poti chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa. Ana sankakhulupirira.

"Bambo, tawauzani ndinu," ndinatero.

Anayamba mwamanyazi, kenaka anamasuka. Anafotokoza mmene khoka likafika pamchenga umaonera tiana tikukhuthuka m'kamwa mwa make, tambirimbiri, tonse n'kufera pomwepo. Anaonetsa ndi manja kukula kwa zisa zimene zazimuna zimakumba mumchenga pansi pa madzi. Ine ndinkangomasulira m'Chingerezi, wophunzira wathu n'kumapititsa m'Chixhosa. Ana anasiya maikulosikopu n'kuwazungulira iwo. Zonse zimene ananena zimagwirizana ndi zolembedwa m'mabuku athu, koma iwo anazitola ndi manja awo, mwera ukuwomba.

Gulu litachoka tinacheza. Anati chambo cha pa unyamata wawo si chimene anachisiya pochoka, chinali chitachepa ndiponso chikugwidwa chaching'ono, ena atayamba kusodza ndi maneti a udzudzu. Ndinawauza kuti mu 2018 bungwe loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linaika chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yotha. Anakhala chete pang'ono, kenaka anafunsa: "Ndiye zimenezi, ndi timiyala tanuti, munakawaonetsa anthu a kunyanja?"

Funso limenelo ndi lolunjika kwa tonse ofufuza za nyanja ija. Zimene timapeza timazilemba m'Chingerezi, m'magazini a akatswiri amene msodzi sadzawaona. Iye amangomva kuti nyanja yatsekedwa, kapena kuti ukonde wakuti ndi woletsedwa, osaonetsedwa chifukwa chake ndi maso. Mwana wa ku Eastern Cape wawerenga zaka za chambo pa maikulosikopu, pamene mwana wa ku Makawa kapena ku Chembe, amene amachiona tsiku ndi tsiku pagombe, mwayi wotere saupeza kawirikawiri. Komanso anthu a kunyanja ali ndi zawo zotiphunzitsa. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu akhala akutseka usodzi miyezi ingapo chaka chilichonse kuyambira m'ma 1950, ndipo lamulolo anthu amalimvera. Tebulo ngati langali litaikidwa pa doko ku Mangochi, ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay, mbali zonse ziwiri zingakhale ndi zonena.

Masiku otsalawo anayenda mwaliwiro: mabasi ena, mafunso a shaki, mwana wina wofuna kudziwa ngati nsomba zimagona. Lachiwiri tinalongedza, ndipo mabotolo onse anabwerera mwakale ali athunthu. Pa tebulo ndinkasunga kope lolembamo mafunso a anthu, ndipo tsopano ndikuwasanja kuti ndione amene abwera mobwerezabwereza. Ndalemberanso mnzanga amene amagwira ntchito ndi makomiti a asodzi a m'magombe kwathu. Ndamupempha kuti ndikadzapita ku tchuthi mu Disembala, nthawi imene chambo chimakhala chikuswana, adzandipezere tsiku ndi mthunzi pagombe. Maikulosikopu yaing'ono yoyendera mabatire ndili nayo, ndipo mitu ya nsomba tidzapempha kwa amayi ogulitsa pomwepo.