Eyakoni pa 16 ku Mzuzu kuno, zoona?

Okutobala uno Mzuzu watentha ndithu. Inde si kutentha kwa ku Karonga kapena ku Nsanje komwe thukuta limatsika munthu uli phee pansi pa mtengo, ife tili kumtunda ndipo mphepo ya ku Viphya imatikumbukirabe, koma dzuwa likafika paliwombo m'nyumba za malata zopanda siling'i izi simukhalika ayi. Ndiye omwe zikuwayenderako ayamba kupachika ma eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba aja, ukamadutsa umaona timabokosi toyera tili kunja kwa khoma tikudontha madzi. Palibe cholakwika, ndalama ndi zawo. Chomwe chimandipweteka mutu ine ndi nambala yomwe amaika pa rimoti.

Alamu anga a ku Luwinga akangolowa m'nyumba, nsapato asanavule n'komwe, amatenga rimoti n'kudina mpaka 16, pomwe imathera penipeni. Ndinawafunsa kuti alamu, 16 bwanji, mukufuna kusunga nsomba? Akuti ayi, kuti izizire msanga. Patapita kanthawi mwana wawo wabwera pa balaza atafunda bulangeti, kunja dzuwa likuswa mtengo.

Nkhani yoti izizire msangayi ndi yomwe ambiri amaiphonya. Eyakoni si mbaula yoti ukakupiza kwambiri moto umakula. Nambala ya pa rimotiyo ndi madigiri a kutentha, malire chabe, mkatimo muli ka thermostat komwe kamayeza mpweya wa m'chipinda ndipo ukafika pa nambala mwaikayo kamauza kompresa, injini yomwe imagwira ntchito yoziziritsayo, kuti ipume. Chipinda chikakhala pa 30, kaya mwaika 25 kaya 16, makinawo ayamba ndi mphamvu zomwezo, kusiyana kwake n'koti ya pa 25 ifika n'kupuma pomwe ya pa 16 ingolira tsiku lonse kuthamangitsa nambala yomwe mwina siifika n'komwe, makamaka nyumba zathuzi zoti pansi pa chitseko pali mpata wolowa dzanja ndipo ana akungotuluka kulowa. Ngakhale za inverter zija zomwe sizizima koma zimangochepetsa liwiro, kuti zichepetse ziyenera kuyandikira kaye nambalayo.

Pitani pa mita ya ESCOM mukaone kanyali kofiira kaja momwe kamaphethirira kompresa ikadzuka. Eyakoni wamba ya 12000 BTU (muyezo wa mphamvu zake zoziziritsira) imadya pafupifupi yunitsi imodzi pa ola ikamagwira mosapuma, ndiye werengani nokha kuyambira masana mpaka usiku, tsiku ndi tsiku, mwezi wonse. Tokeni yomwe imakufikitsani kumapeto kwa mwezi ithera panjira basi.

Anzathu omwe amapsa zenizeni anaziona kale izi. Ku India, komwe Delhi imapyola 40, boma linalamula kuti kuyambira 2020 eyakoni yatsopano izibwera itatcheredwa kale pa 24. Ku America unduna wa zamphamvu wakhala ukulangiza 78 ya Fahrenheit mukakhala pakhomo, yomwe kwathu kuno ndi pafupifupi 26, ndiye ngati rimoti yanu ikuonetsa ma 70 chakuti musadabwe, sinafe. Ku Spain mu 2022 anaika lamulo loti m'maofesi ndi m'mashopu isatsike kupyola 27, pomwe ku Japan kuyambira 2005 ali ndi kampeni ya Cool Biz, maofesi pa 28 ndipo mabwana kuvula tayi ndi jekete. Ya 28 yo kwa ine yanyanya pang'ono, koma zovula jeketezo n'zanzeru, chifukwa m'maofesi ena m'tauni muno mumapeza bwana ali mu suti waika 18, amayi a pa desiki ya pafupi avala juzi ya mu Juni, mwezi wa Okutobala eti.

Ine ndimati 25 kapena 26, kenako yatsani fani. Fani siziziritsa chipinda ayi, imangoumitsa thukuta pakhungu ndiye thupi limamva ngati kwazizira kuposa momwe kulili, ndipo magetsi ake ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kompresa. Pachifukwa chomwecho mukatuluka faniyo izimitseni, mipando simva kutentha. Mukaona kuti 26 ikukukanani tsitsani kamodzi mudikire kaye, osangodumphira pansi. M'nyumba mukakhala agogo kapena khanda muziwafunsa kapena kuwagwira manja, amazizidwa msanga kuposa inu amene mwangochoka padzuwa.

Zina n'zaulere. Makatani a windo loyang'ana kumadzulo tsekani dzuwa lisanapendeke, osadikira kuti sofa itenthe kaye. Komanso tsegulani chivundikiro cha kutsogolo kwa eyakoniyo musolole tosefa tija, nyengo ya fumbi ino mupeza tachita bii, fumbi lagwirana mpaka kumatheka kulikanda ndi chala. Tsukani ndi madzi, tiume pamthunzi, mubwezere. Nthawi zambiri munthu akamadandaula kuti makina sakuziziritsa n'kumatsitsa nambala, vuto limakhala pamenepo.

Usiku ndiye sindionanso chifukwa. Ku Nkhata Bay kapena ku Chintheche ndingamvetse, kunyanja kumakhala chinyontho mpaka shiti imamata pamsana, ndipo kumeneko batani lolembedwa Dry lija limathandiza. Koma kuno dzuwa likangolowa kunja kumayamba kupola, pofika m'bandakucha umakoka chofunda. Zimitsani, tsegulani mawindo mbali ziwiri mphepo idutse, neti mutsitse chifukwa udzudzu suona kuti kuno ndi kumtunda. Ngati chipinda chasunga kutentha kwa malata, ikani taima ya ola limodzi kapena awiri pa 26 izime yokha muli mtulo.