Mmene ndinawerengera mtengo wa zojambula za pamiyala ya Chongoni kwa alendo

Ntchito imene ndinali nayo inali yopeza kuti zojambula zakale za pamiyala ya Chongoni, m'boma la Dedza, n'zamtengo wanji kwa anthu amene amapitako kukaziona. Malowa analowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse wa UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, m'chaka cha 2006, ndipo muli mapanga ndi miyala yojambulidwa yokwana 127 m'dera lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 126. Thumba la chimanga mtengo wake umadziwika pamsika, koma phanga la Chentcherere, limodzi mwa mapangawa, palibe analigulapo, choncho ndinayenera kufunafuna mtengo wake kudzera mu zimene alendo amawononga kuti akafikeko.

Maganizo amenewa anayamba ndi katswiri wa zachuma Harold Hotelling, amene m'chaka cha 1947 analembera kalata nthambi yoyang'anira malo otetezedwa ku America, kufotokoza kuti ndalama zimene munthu amalipira paulendo zili ngati mtengo wolowera pamalopo. Katswiri wina wa zachuma, Marion Clawson, anawakulitsa mu 1959, ndipo njira yake ndi imene ndinatsata.

Ndisanafunse mlendo aliyense ndinapempha chilolezo ku nthambi ya boma yosamalira zinthu zakale, kenaka ndinakaonekera kwa mafumu a midzi yoyandikana ndi mapangawo. Kuonekera kwa mfumu sindikutenga ngati mwambo chabe, chifukwa munthu wachilendo woyenda ndi mapepala pafupi ndi malo okhudza chinamwali ndi Nyau amakayikitsa, ndipo eni dera ali ndi ufulu wodziwa chimene wabwerera.

Pepala la mafunso ndinalilemba m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Linkafunsa kumene munthu wachokera, chimene wakwera, ndalama zimene walipira pa minibasi, pa kabaza kapena pa mafuta, chiwerengero cha anthu amene anali m'galimoto imodzi, maola amene ulendo watenga, ndiponso ngati wagona panjira. Nditaliyesa kwa anthu ochepa ndinaona kuti funso la malipiro a pamwezi anthu ankalizemba, ndiye ndinaika magulu a ndalama kuti munthu angoloza gulu lake. Pa pepala lililonse ndinkalembapo tsiku, popeza kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa ulendo womwewo unkasintha pakangopita miyezi yochepa, ndipo mayankho a nyengo zosiyana sakanaphatikizidwa asanawongoledwe.

Zinthu ziwiri zinandidyera nthawi kuposa zonse. Choyamba chinali mtengo wa nthawi ya mlendo. Ofufuza ambiri amatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro a munthu pa ola, koma mlimi salandira malipiro a pa ola, choncho kwa iye ndinagwiritsa ntchito ndalama ya ganyu wa tsiku limodzi m'deralo. Chachiwiri chinali alendo a maulendo ophatikiza. Munthu wochokera ku Ulaya amene watsikira ku Lilongwe, n'kuima ku Chongoni theka la tsiku, kenaka n'kutsetserekera ku Mua kukaona malo osungirako za chikhalidwe a Kungoni asanakafike kunyanja, sindikanaika tikiti yake yonse ya ndege pa miyala ya Chongoni, chifukwa chiwerengero chikanafufuma mopanda chilungamo. Kwa otere ndinawerengera chigawo chokhacho cha ulendo chimene anapatukira kumapanga, ngakhale ndikudziwa kuti kutero kumatsitsa mtengo kwa amene zojambulazo zinalidi pamtima pawo.

Mapepala atakwana, ndinagawa alendo m'zigawo potengera kutalika kwa kwawo: Dedza yomwe, Lilongwe ndi maboma oyandikana nawo, kenaka akutali. Pogwiritsa ntchito kalembera wa anthu wa 2018 ndinapeza kuti pa anthu 1,000 alionse a chigawo chilichonse, ndi angati amene anafika pa chaka. Nditaika ziwerengerozo pambali pa mtengo wa ulendo, mzere wake unandisonyeza mmene alendo amachepera ulendo ukamakwera mtengo. Kuchokera pamenepo ndinkawonjezera ndalama yongoyerekeza pang'onopang'ono mpaka pamene mzerewo unasonyeza kuti palibenso angabwere. Kusiyana kwa zimene anthu akanalolera kulipira ndi zimene analipiradi ndiko phindu limene malowa amawapatsa, ndipo kuphatikiza kwa alendo onse a pa chaka ndiko kunandipatsa chiwerengero chimene ndinkafuna.

Pofuna kutsimikiza, ndinafunsanso alendo mwachindunji ndalama imene angalole kupereka kuti zojambulazo zitetezedwe ku utsi wa moto, makala a anthu olemba mayina awo pamiyala, ndi kudulidwa kwa mitengo yozungulira. Funso limeneli limafuna kulongosola bwino, chifukwa ena ankaganiza kuti ndatumidwa kudzakhazikitsa msonkho watsopano, ndipo ankatchula ndalama yochepa dala.

Chimene chinandivutitsa mumtima chinatulukira pamapeto pa masamuwo. Mayi wokhala m'munsi mwa phiri la Mphunzi, limodzi mwa mapiri okhala ndi zojambulazi, amafika kumiyalako wapansi osalipira kalikonse, kotero njira ya mtengo wa ulendo imamuona ngati munthu amene malowa alibe nawo kanthu. Komatu zojambula zoyera za pamiyalapo zinapakidwa ndi makolo ake a Chichewa pophunzitsa anamwali ndi posunga za Nyau, pamwamba pa zofiira zimene anasiya Akafula kalekale. Sindikanalola kuti wowerenga lipoti atenge chiwerengero changa ngati mtengo wonse wa Chongoni, makamaka ngati tsiku lina chidzayerekezedwa ndi phindu la mgodi wa miyala kapena matabwa. Choncho pamwamba pa tebulo la zotsatira ndinalemba kuti ndalamayo ndi ya alendo okha, ndipo ndinatsegula mutu wina wopanda ziwerengero, mmene ndinalembamo zimene mafumu ndi anamkungwi anandilola kulemba. Mutu umenewo ndinabwerera nawo kumidzi kuja n'kuwawerengera eni ake ndisanapereke lipotilo.