Yadi imodzi yomwe tinaithawa Lamlungu

Ku timu yathu ya mpira wa ku America (American football), sabatayi inayamba monga mwa masiku onse: Lolemba kuonera mavidiyo a masewero, Lachiwiri osewera akupuma ife tikumanga pulani, Lachisanu kuyeserera red zone (mayadi 20 omaliza kukafika kogoletsera). Tebulo la masamu lonena chochita pa fourth down (mwayi wachinayi komanso womaliza wokwanitsa mayadi 10 kuti tisunge mpira) linaperekedwa Lachiwiri usiku ndipo aphunzitsi onse analivomereza. Linati: ikatsala yadi imodzi kapena ziwiri titadutsa pakati pa bwalo, sitimenya punt (kumenyera mpira kutali n'kuupereka kwa timu inayo), timapita kukafuna mayadiwo.

Lamlungu, kota yachitatu, tikutsogola ndi mapointi 4, tinapezeka pa fourth-and-1 (fourth down itatsala yadi imodzi) pa yadi 38 ya timu inayo, kutanthauza mayadi 38 kuti tifike kogoletsera. Field goal (kumenya mpira pakati pa mitengo kuti tipeze mapointi 3) pamenepo ndi ya mayadi pafupifupi 56, ndipo ikaphonyeka timu inayo imatengera mpira pomwe waumenyera, pa 46. Punt ilibe malo okwanira ogwera. Chotsala n'kupita basi, monga tebulo linanenera.

Koma ife owerengera masamu a timu, amene timakhala kumtunda kwa bwalo, tilibe chingwe cholankhulira mwachindunji ndi mphunzitsi wamkulu. Uthenga umayenera kudzera kwa wothandizira wina kaye. Wotchi imapereka masekondi 40 kuti play yotsatira iyambe, ndipo wailesi ya m'chipewa cha quarterback (wosewera wotsogolera ma play) imadulidwa pakatsala 15. Pamene mawu athu amafika pansi, anyamata a punt anali atalowa kale. Mpira unagwera mu end zone (malo ogoletsera kumapeto kwa bwalo), a timu inayo n'kuyambira pa 20. Tinapereka mpira posinthana ndi mayadi 18 okha, omwe anawabweza ndi mapasi awiri.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti mantha amenewa tinawaphika tokha Lachinayi. Nthawi yoyeserera mayadi ochepa inafupikitsidwa, ndipo center (wopereka mpira kwa quarterback poyamba play) wolowa m'malo mwa wovulala sanayeserepo ndi anzake quarterback sneak, pomwe quarterback amadzikankhira kutsogolo ndi mpira. Mphunzitsi yemwe sanaione play m'sabatamo sangaiitane pa fourth down, kaya masamu anene chiyani.

Palinso kuopa kunenedwa. Mu ligi ya NFL, mphunzitsi wa Patriots Bill Belichick anapita pa fourth-and-2 pa yadi 28 ya mbali yake mu 2009, n'kugonja kwa Colts 35-34, ndipo mpaka lero anthu amamukumbutsa. Dan Campbell wa Lions anakana ma field goal awiri posewera ndi San Francisco 49ers mu 2024, Lions n'kugonja 34-31, zinamuthera chimodzimodzi. Komatu Matt LaFleur wa Packers anasankha field goal mu 2021 akutsalira ndi 8, kutatsala mphindi ziwiri ndi masekondi ochepa, ndipo Packers sanaugwirenso mpira. Kusamala nakonso kumagonjetsa, kungoti sikukhala pamutu wa nkhani kwa nthawi yaitali. Doug Pederson wa Eagles anaitana play yachinyengo yotchedwa Philly Special pa fourth down mu Super Bowl (fainolo ya NFL) ya 2018 chifukwa anali ataiyeserera.

Masewerowo tinagonja. Pamsonkhano wa Lolemba takambirana za ma tackle ophonyedwa ndi ma penalty, za punt ija palibe watsegula pakamwa. Pempho la chingwe cha hedifoni lalembedwanso, pamodzi ndi loti mphindi za mayadi ochepa zibwezeretsedwe Lachinayi lino, center watsopanoyo ali pamzere woyamba.