Zomwe ndapeza powerenga za a Lateef Jakande a ku Lagos

Teremu ino, pa phunziro la kayendetsedwe ka boma, aliyense anauzidwa kusankha bwanamkubwa mmodzi wa chigawo n'kuunika ntchito zake. Ine ndinasankha a Lateef Jakande, amene analamulira chigawo cha Lagos ku Nigeria kuyambira 1979 mpaka 1983.

Bambowa anabadwa mu 1929 ndipo poyamba anali mtolankhani, mpaka anafika pokhala mkonzi wa nyuzipepala ya Nigerian Tribune. Ndale anaphunzira kwa a Obafemi Awolowo, mtsogoleri wotchuka wa ndale ku Nigeria, ndipo mpando anaupeza kudzera m'chipani chawo cha Unity Party of Nigeria, chomwe chinalonjeza sukulu yaulere.

Apa ndi pomwe ndakhalitsa. Nthawi imeneyo ana a ku Lagos ankaphunzira mosinthana, ena m'mawa, ena masana, chifukwa makalasi anali ochepa. A Jakande anamanga makalasi ambirimbiri mwamsangamsanga, otchipa, osakongola, moti otsutsa ankawaseka kuti ndi makola a ziweto. Koma kusinthana kuja kunatha. Ndikakumbukira za kwathu kuno mu 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere ana n'kudzaza pansi pa mitengo, ndikuona kuti a Jakande anawerengera bwino: ukaitana ana onse, denga likhalepo, ngakhale loipa. Mnzanga wina wa m'kalasi akuti zimenezi zinatsitsa maphunziro. Mwina akunena zoona pang'ono, koma mwana wosowa pokhala ndiye aphunzira chiyani?

Anamanganso nyumba zotsika mtengo za anthu wamba, zomwe mpaka lero zimatchedwa ndi dzina lawo, n'kukhazikitsa Lagos State University mu 1983. Njanji ya mumzinda imene anaiyamba inathetsedwa ndi boma la asilikali la a Muhammadu Buhari, omwe analanda ulamuliro pa 31 Disembala 1983 n'kutsekera a Jakande m'ndende. Lagos inadikira mpaka 2023 kuti sitima zamagetsi ziyambe kunyamula anthu mumzindamo.

Chomwe chikundisowetsa polembera n'chakuti mu 1993 a Jakande anavomera unduna m'boma lankhanza la a Sani Abacha. Anzawo ambiri a ndale anawafulatira chifukwa cha zimenezi, ndipo ngakhale anakhala ndi moyo mpaka 2021, pa ndale sanadzukenso. Aphunzitsi akufuna masamba asanu okha, ndipo ndaganiza zopereka tsamba lathunthu ku nkhani ya Abacha.