Soseji, madoko ndi mtendere wa ku Northern Ireland

Pangano la mtendere la Good Friday, lomwe linasainidwa ku Belfast pa 10 April 1998 pothetsa ziwawa za ku Northern Ireland, chigawo cha UK chomwe chili pachilumba cha Ireland, silinalongosole za kasitomu wa pamalire. Panalibe chifukwa. UK ndi Ireland onse anali mu European Union (EU), ndipo kuyambira 1993 katundu ankawoloka popanda macheke a kasitomu. Ziwawa zomwe zinapha anthu pafupifupi 3,500 zitazirala, asilikali anachoka pamalire ndipo nsanja zawo zinagwetsedwa. Wofuna Ireland mmodzi ankawoloka osaima paliponse, wofuna kukhalabe mu UK naye anali mu UK. Mtendere unatsamira pamenepo.

UK itatuluka mu EU, msika wa EU unafunika mpanda, ndipo malo oumanga anali awiri okha. Pamtunda pali malire a makilomita pafupifupi 500 odutsidwa ndi misewu yoposa 200, ndipo kanyumba ka kasitomu pamenepo kakanafuna wapolisi wokalondera, wapolisiyo n'kufunanso msilikali. Choncho anasankha panyanja, pakati pa Britain ndi Northern Ireland. Northern Ireland Protocol, yomwe inayamba kugwira ntchito pa 1 January 2021, inasiya chigawochi chikutsata malamulo a EU pa katundu, macheke n'kupita ku madoko a Larne, Belfast ndi Warrenpoint.

Taonani lole yochoka ku Cairnryan ku Scotland kupita ku Larne, ulendo wa maola awiri pasitima m'dziko lomwelomwelo. Mu 2021 pankafunika fomu ya kasitomu. Ngati muli nyama, mkaka kapena mazira, lamulo linkafuna satifiketi yaumoyo yosainidwa ndi dokotala wa ziweto, ndipo lole ya supamaketi simanyamula mtundu umodzi wa katundu. Masupamaketi anapatsidwa nthawi yopumira, koma ogulitsa ang'onoang'ono ena anangoleka kutumiza. Mbewu ya mbatatesi inaletsedwa. Soseji zosaumitsa mufiriji zinayenera kuletsedwanso, ndipo mu June 2021 London ndi Brussels (likulu la EU) anakokanakokana pa soseji mpaka kuopsezana. Zoseketsa, koma kwa a Unionist, omwe amafuna kukhalabe mu UK, fomu iliyonse inkawauza kuti Britain tsopano ndi dziko lakunja.

Zotsatira sizinachedwe. Mu February 2021 ogwira ntchito zoyendera katundu ku Larne anachotsedwa kwa masiku angapo chifukwa cha mawu oopseza olembedwa pamakoma. Mu April achinyamata anatentha basi pa Shankill Road ku Belfast. Naye EU anathira mafuta pamoto: pa 29 January 2021, pokangana za katemera wa Covid, analengeza zogwiritsa ntchito Article 16 ya Protocol, ndime yolola mbali imodzi kuimitsa payokha zina za m'panganolo, n'kubweza mawu usiku womwewo.

Povuta kwenikweni ndi pa kamangidwe ka boma la Northern Ireland, lotchedwa Stormont. First Minister ndi wachiwiri wake amachokera mbali ziwiri zotsutsana, ndipo mmodzi akatula pansi udindo mnzake amagwa naye. Lamuloli linaikidwa kuti mbali ina isaponderezedwe, koma limapatsanso aliyense chingwe chogwetsera nyumba yonse. First Minister Paul Givan wa DUP, chipani cha a Unionist, atatula pansi mu February 2022 pokana Protocol, wachiwiri wake Michelle O'Neill wa Sinn Féin, chipani chofuna Ireland mmodzi, anachokanso. Pa chisankho cha May, Sinn Féin inapeza mipando 27, DUP 25, ndipo DUP inakana kusankha sipikala. Boma linabwerera pa 3 February 2024, patatha zaka ziwiri, ndipo kuyambira kumapeto kwa October 2022 akuluakulu a m'maofesi ndiwo ankayendetsa zipatala ndi masukulu popanda nduna. Ndipo amene ankakambirana za mkanganowo anali London ndi Brussels, osati Stormont.

Windsor Framework, pangano lokonza Protocol lomwe Rishi Sunak, nduna yaikulu ya UK panthawiyo, ndi Ursula von der Leyen, mkulu wa European Commission, analengeza pa 27 February 2023, inagawa katundu pawiri: wothera ku Northern Ireland amadutsa njira ya mapepala ochepa, zakudya zina zitamatidwa chizindikiro cha "Not for EU", pomwe wopitirira kumwera ku Ireland amachekedwa mokwanira. Inabweretsanso Stormont Brake: aphungu 30 mwa 90, ochokera m'zipani zosachepera ziwiri, angapemphe London kuti iimitse lamulo la EU losinthidwa.

Chilonda chimodzi sichinapole. Nkhani zikuluzikulu ku Stormont zimatha kufuna chivomerezo cha mbali zonse ziwiri, koma voti yopitiriza dongosolo la malondali imangofuna ochuluka wamba. Mu December 2024 inadutsa ndi mavoti 48 kwa 36, a Unionist onse amene anavota atakana.